WOLIMBA PAKHASU NAYENSO AKAPIMITSE BP

M'midzi ya m'Cigawo ca Kum'mawa, ndi kwina konse m'Zambia muno, mwaculuka maliro a mtundu wina amene anthu alephera kuwamvetsa. Womwalirayo si nkhalamba yoyendera ndodo kapena wodwala amene wagona pamphasa miyezi yambiri iai, koma bambo wa zaka 45 kapena 50 amene dzulo lace anali kukweza matumba a cimanga pangolo, kapena mai amene anali kucokera kudimba ndi mtolo wa nkhuni pamutu. Munthuyo angogwa mwadzidzidzi, pakamwa papotoka, dzanja ndi mwendo za mbali imodzi zileka kugwira nchito, ndipo pofika naye kucipatala nthawi yatha kale. Pamaliro anthu anong'onezana kuti imfa yotere siingakhale ya Mulungu popeza malemuyo sanali kudwala. Wina akumbuka mkangano wa malire a munda, wina akumbuka ngongole ya fataleza, ndipo sabata isanathe nkhalamba ina yosalakwa yalozedwa cala, ngakhale kuti kuchula munthu mfiti ndi mlandu pa malamulo a dziko lino.

Zoona zace nzakuti ambiri mwa anthu otere anali kudwala, ndipo anadwala zaka zambiri osadziwa. Matenda ace ndi aja ochedwa kuthamanga kwa magazi, amene aliyense masiku ano angowachula kuti BP. Dzina lakuti kuthamanga lisokoneza pang'ono, pakuti vuto siliri pa liwiro la magazi koma pa mphamvu imene magaziwo akankha nayo zipupa za mitsempha. Aliyense wa ku Chipata, kumene njinga ziri ngati miyendo ya anthu, adziwa cimene cicitika ndi chubu copopedwa mopitirira muyeso: cingayende bwino lero ndi mawa, koma tsiku lina ciphulika pamalo pamene panali pofooka. Mtima ndiwo pampu ya thupi. Ugunda nthawi pafupifupi 100,000 pa tsiku limodzi, usana ndi usiku, kutumiza malita ngati 5 a magazi kuzungulira thupi lonse. Mitsempha ikauma ndi kucepa njira, mtima ukakamizika kukankha kolimba, ndipo pa zaka zambiri mnofu wace ukula ndi kutopa. Mtsempha wa mu ubongo ukaphulika kapena kutsekeka, ndiyo sitiroko, kufa kwa ziwalo kuja. Mtima ukatopa, miyendo itupa ndipo munthu apuma mobanika ngakhale pokwera kacitunda kakang'ono. Impso nazonso zionongeka mwakacetecete, ndipo maso acita cidima.

Coopsa cacikulu pa matenda amenewa ncakuti sapweteka. Malungo abwera ndi kuzizidwa, cifuwa cacikulu cibwera ndi kutsokomola, koma BP ingakhale yokwera zaka 10 munthu akudya bwino, akulima bwino, akugona bwino. Ena amva mutu kapena cizungulire, koma ambiri samva kanthu konse. Cikomekome ca mkuyu, m'kati muli nyerere. Njira ndi imodzi yokha yodziwira, ndiyo kumangidwa kalamba kaja pamkono ndi kuwerengedwa manambala awiri. Nambala yapamwamba ionetsa mphamvu ya magazi pamene mtima ukankha, yapansi pamene mtima upuma. Munthu wabwinobwino akhala ca m'ma 120 ndi 80. Ngati pa masiku awiri osiyana manambala afika 140 ndi 90 kapena kupitirira, pamenepo anamwino anena kuti munthuyo ali ndi BP, ngakhale iye mwini adzimve wamphamvu ngati ng'ombe yapagoli.

Pali cikhulupiriro cimene cazika mizu m'midzi cakuti awa ndi matenda a mabwana a ku Lusaka ndi ku Migodi, anthu okhala pa mipando yofewa ndi kuyenda pa galimoto. Pamene Mtsogoleri wa dziko lino, malemu a Levy Mwanawasa, anagwidwa ndi sitiroko pa msonkhano wa atsogoleri a mu Africa ku Egypt mu June 2008, ndi kumwalira ku France pa 19 August caka comweco ali ndi zaka 59, dziko lonse linalira, koma alimi ambiri anaona ngati nkhaniyo ingotsimikiza maganizo ao akuti matenda otere ndi a anthu a maofesi. Amati munthu wogwira khasu thukuta licotsa zoipa zonse m'thupi.

Kafukufuku amene Unduna wa Zaumoyo unacita m'caka ca 2017 pamodzi ndi bungwe la zaumoyo pa dziko lonse la WHO anaonetsa zosiyana. Ofufuzawo anayenda m'zigawo zonse, m'matauni ndi m'midzi momwe, kupima anthu a zaka 18 kufika 69. Anapeza kuti anthu a m'Zambia si aulesi: pafupifupi 9 mwa anthu 10 alionse agwiritsa nchito matupi ao mokwanira monga momwe a zaumoyo afunira. Komabe pakati pa anthu omwewo, pafupifupi mmodzi mwa 5 alionse anapezeka ndi BP yokwera, ndipo oculuka mwa iwo sanali kumwa mankhwala alionse. Manambala awiriwa akaikidwa pamodzi anena cinthu cimodzi comveka: ambiri mwa odwala BP m'dziko muno ndi anthu olimbika pa nchito. Vutoli siliri la Zambia yekha. Lipoti la WHO la m'caka ca 2023 linanena kuti odwala matendawa pa dziko lonse anaculuka kucoka pa 650 miliyoni mu 1990 kufika pa 1.3 biliyoni mu 2019, ndi kuti pafupifupi theka la iwo sadziwa kuti adwala.

Apa pasakhale wina womva molakwa. Nchito ya manja ndi mankhwala ndithu, ndipo mlimi amene alima, kuyenda pansi ndi kupalasa njinga ali ndi mwai woposa kalaliki wongokhala tsiku lonse. Koma khasu silifafaniza zina zimene zikweza BP. Msinkhu ukamapita mitsempha iuma mwa aliyense. Matendawa ayendanso m'mtundu, kotero kuti amene bambo wace kapena mai wace anafa ziwalo ayenera kukhala cheru kuposa anzace. Madotolo adziwanso kuti mwa anthu akuda BP iyamba msanga ndipo ikula msanga, ndi kuti matupi a ambiri a iwo sagwirizana ndi mcere wambiri. Kuonjezera apo, nchito ya mlimi siiri yofanana caka conse. Kucokera pa mvula yoyamba kufikira pokolola thupi ligwira nchito kolimba, koma cimanga, nshawa, thonje ndi fodya zikagulitsidwa pabwera miyezi ya ndalama m'thumba, ya mowa, ya nyama yooca pamsika ndi ya kukhala pansi pa mtengo. Moyo wa kumudzi nawonso wasintha. Cigayo calowa m'malo mwa mtondo, njinga yamoto yalowa m'malo mwa yopalasa, ndipo saladi, shuga ndi zakumwa za m'mabotolo zipezeka pa kantemba kalikonse. Zambiri mwa izi ndi citukuko cimene palibe angacikane, makamaka amai amene anapuma ku musi. Koma thupi limene nchito yace yacepa pamene mbale yace yakula liyamba kusunga mafuta.

Nkhani ya kunenepa ifunika kuikamba mosamala, cifukwa ili ndi mbiri yowawa. Kuyambira kale mimba yaikulu inali cizindikiro ca ulemerero, ndipo mkazi wonenepa anali umboni wakuti mwamuna wace asunga bwino banja. M'zaka za m'ma 1980 ndi 1990, pamene kaliondeonde anali kupululutsa anthu mankhwala asanabwere, kuonda kunasanduka cinthu camanyazi, ndipo munthu akatsika thupi pang'ono anthu anali kuyamba kumunena. Kufikira lero alipo amai amene namwino akawauza kuti acepetseko thupi ayankha kuti anthu adzaganiza ciani. Mantha amenewa ngomveka, koma nthawi yace inapita. Kafukufuku uja wa 2017 anapeza kuti pafupifupi munthu mmodzi mwa 4 ali ndi thupi lopitirira muyeso, ndipo pakati pa akazi ndi pafupifupi mmodzi mwa 3. Thupi likakula, mtima ukhala ndi munda waukulu wothirira ndi pampu yomwe ija.

Mafuta oopsa koposa ndi a pamimba, ndipo kuwapima sikufuna sikelo kapena ndalama. Munthu atenge cingwe kapena luzi, adule molingana ndi msinkhu wace kucokera kuphazi kufika pamwamba pa mutu, acipinde pakati, ndipo acizunguze pamimba ca pamcombo. Ngati nsonga ziwirizo zikumana, zinthu ziri bwino. Ngati sizikumana, mimba yapitirira theka la msinkhu, ndipo ndi nthawi yocepetsako nsima, saladi ndi shuga. Kwa amene ali pafupi ndi sikelo, munthu wamtali mita 1.6 asapitirire makilogalamu 64, ndipo wamtali mita 1.7 asapitirire 72. Sikofunika kuonda mpaka nthiti kuonekera. Munthu wonenepa akataya makilogalamu 5 okha, nambala yapamwamba ija itsika ndi 4 kapena 5, ndipo maondo naonso apepukidwa. Koma woonda asaseke mnzace. M'midzi muli anthu ambiri opyapyala ngati bango amene BP yao iri pamwamba, ndipo cingwe cija sicingawauze kanthu. Iwonso afunika kalamba ka pamkono.

Cimene cigwirizanitsa wonenepa ndi woonda ndi mcere. A WHO alangiza kuti munthu wamkulu asapitirire magalamu 5 a mcere pa tsiku, ndiko kuti kasupuni kamodzi kakang'ono ka tiyi kosadzaza bwino. M'Zambia muno munthu mmodzi adya magalamu ngati 9 ndi theka, pafupifupi kawiri muyeso umenewo. Mcere ukoka madzi kulowa m'magazi, ndipo magazi akaculuka m'mitsempha mphamvu yao ikwera. Vuto ndi lakuti mcere wambiri subwera ndi dzanja la wophika lokha. Uli kale mu kapenta wouma ndi nsomba zokoleza mcere, uli m'timibulu tokometsera ndiwo, mu buledi, mu soseji ndi poloni. Soda wophikira therere ndi kufewetsa masamba nayenso ali ndi cinthu comweco cimene cikweza BP mu mcere. Pamwamba pa zonsezi pali mwambo wa abambo ambiri wothira mcere m'mbale asanalawe nkomwe. Mai amene aviika kapenta m'madzi ndi kutaya madziwo asanaphike, nacepetsa mcere pang'onopang'ono sabata ndi sabata, adzaona kuti pakapita mwezi umodzi kapena iwiri lilime la banja lonse lazolowera. Mcere wocepawo ukhale uja wokhala ndi ayodini, woteteza ku cotupa ca pakhosi, pakuti wocepa womwewo ukwanira pa nchito imeneyo.

Nzomvetsa cisoni kuti zakudya zimene zithandiza mtima ndi zomwe zija anthu ayamba kuzinyoza kuti nzaumphawi. Nkhwani wotendera, bonongwe, kholowa, kayera, nyemba, mbatata, maungu, nthoci, mapapaya, masuku ndi nsima ya mgaiwa ziri ndi zofunika zimene zithandiza thupi kutaya mcere ndi kusunga mitsempha yofewa. Komabe anthu 9 mwa 10 m'kafukufuku uja sanali kudya masamba ndi zipatso zokwanira, m'dziko limene mango aolera pansi pa mitengo m'December. Za fodya ndi kacasu sizifuna mau ambiri: zonse ziwiri ziononga mitsempha. Fodya wa m'mphuno, amene amai ena amkoka pokhulupirira kuti atsitsa BP, acita zosiyana ndi zimenezo, pakuti aukweza ndi kufulumizitsa mtima.

Tsono funso lalikulu ndi ili: ngati kupima kuli kosavuta cotere, ncifukwa ciani anthu ambiri sanapimidwepo? Amai ali ndi mwai pang'ono cifukwa pa sikelo ya apakati amangidwa kalamba kaja nthawi zonse, popeza BP ya pa mimba ingaphe mai ndi mwana yemwe. Koma akaleka kubala, ambiri salionanso. Abambo ndiwo ali kutali kwenikweni: oposa theka la iwo m'kafukufuku wa 2017 anali asanapimidwepo cibadwire. Mwamuna wa kumudzi apita kucipatala pokhapokha atanyamulidwa. Kwa iye kukaima pa mzere pakati pa amai ndi makanda pamene sakumva kupweteka kulikonse ndi kutaya tsiku la nchito, ndiponso ndi cinthu coseketsa anzace. Ena akamva mau akuti kupimitsa aganiza za singano ndi za matenda ena amene awaopa. Nkofunika kunena poyera kuti popima BP palibe kulasa ndipo palibe kutenga magazi. Munthu akhala pampando mphindi 5 kuti apume, aika mkono pa tebulo, kalamba kafufuma ndi kuphwa, basi zatha. Ndipo kucokera m'caka ca 2006, pamene Boma linacotsa malipiro m'zipatala zace zazing'ono za kumidzi, palibe ayenera kubwerera cifukwa cosowa ndalama ya pakhomo.

Ngati abambo sapita kumene kuli kalamba, kalambako kapite kumene kuli abambo. Malo ao adziwika. Asonkhana pa madepoti a Food Reserve Agency pogulitsa cimanga, kumene ena akhala masiku angapo kudikira kuti matumba ao apimidwe. Asonkhana pa misonkhano ya makopaletivu polembetsa fataleza, pa misika ya fodya ndi thonje, pa madibi a ng'ombe, pa mabwalo a mpira ndi pa milandu kwa mfumu. Mu February anthu zikwizikwi akhamukira ku Mtenguleni ku Nc'wala, ndipo mu August ku Mkaika ku Kulamba. Makina opimira BP a masiku ano ndi kabokosi kakang'ono koyendera mabatire, kamene mthandizi wa zaumoyo wa m'mudzi angakanyamule pa njinga ndi kupima nako anthu makumi angapo m'mawa umodzi. Akuluakulu a zaumoyo m'maboma a Chipata, Katete, Petauke, Lundazi, Chadiza ndi Nyimba sayenera kudikira tsiku la 17 May, lokumbukira matendawa pa dziko lonse, kuti aturutse makinawo pa zionetsero za m'tauni. Nyengo yogulitsa mbeu ndiyo nyengo yopima alimi. Ncodabwitsa kuti thumba la cimanga lipimidwa kulemera ndi cinyontho cace lisanalandiridwe, pamene mwini wace, amene adzafunika kulimanso caka camawa, abwerera kwao osapimidwa.

Mafumu ndi anyakwawa ali ndi gawo lao. Mfumu ikapinda dzanja la malaya pamaso pa anthu ace ndi kupimidwa poyamba, palibe mwamuna m'mudzimo amene adzanena kuti nzacikazi. Abusa ndi akulu a mipingo angaitane namwino kamodzi pa miyezi itatu kuti akhale pakhonde la chalichi mapemphero atatha. Makomiti a zaumoyo a m'midzi, amene anagwira nchito yaikulu pa katemera wa ana ndi pa maneti a udzudzu, angathe kusunga kaundula wa onse opitirira zaka 40 ndi kuona kuti aliyense wapimidwa kamodzi pa caka.

Koma kupima kopanda mankhwala ndi kungoopseza anthu, ndipo apa udindo uli pa Boma. Mankhwala a BP monga amlodipine, nifedipine, enalapril ndi timapiritsi tokodzetsa ndi akale, odziwika bwino ndiponso osakwera mtengo poyerekeza ndi mtengo wosunga munthu wakufa ziwalo. Cimene afuna ndi kusadukiza. Mlimi amene wayenda makilomita 15 kukatenga mapiritsi ace, nauzidwa kuti atha akagule ku tauni, sabweranso mwezi wamawa. Unduna wa Zaumoyo ndi bungwe la ZAMMSA, limene ligawa mankhwala m'dziko muno, aonetsa kale pa ma ARV kuti nkotheka kufikitsa mankhwala a moyo wonse kumidzi yakutali ndi kupatsa wodwala a miyezi ingapo nthawi imodzi. Nzeru yomweyo igwire nchito pa BP, makamaka nyengo ya mvula pamene mitsinje idzaza ndipo nchito ya kumunda siilola munthu kucoka. Makina naonso afuna mabatire ndi malamba a misinkhu yosiyana, pakuti kalamba kakang'ono pa mkono waukulu kanena bodza.

Wodwala nayenso ali ndi mbali yace, ndipo apa ndi pamene ambiri agwera. Mankhwala a BP saciritsa monga momwe a malungo acitira, kuti munthu amwe masiku atatu naiwale. Agwira matendawo monga goli ligwirira ng'ombe: likacotsedwa, ng'ombe ibwerera kumene ifuna. Anthu ambiri akamwa mwezi umodzi ndi kuuzidwa kuti manambala atsika aganiza kuti acira, naleka, ndipo sitiroko iwapeza miyezi ingapo pambuyo pace. Ena amwa pokhapokha mutu ukawawa, ena abwereka mapiritsi a mnansi, ena asiya a kucipatala cifukwa ca adyo, mandimu kapena mabotolo a zitsamba ogulitsidwa m'mabasi. Ngati mapiritsi abweretsa vuto, monga kutupa kwa akakolo kumene amlodipine acititsa mwa ena, kapena kacifuwa kouma ka enalapril, cofunika ndi kubwerera kwa namwino kuti asinthe mtundu, pakuti mitundu iripo yambiri. Mai amene amwa mankhwalawa ndipo watenga pakati kapena afuna kutero anene msanga, cifukwa ena mwa iwo, monga enalapril, saloledwa pa mimba.

Pomwe zafika poipa, banja lidziwe zizindikiro. Pakamwa pakapotoka, dzanja kapena mwendo ukafooka mwadzidzidzi, mau akayamba kusamveka, kapena pacifuwa pakagwira kupweteka kothina kotsikira kudzanja pamodzi ndi thukuta lozizira, imeneyo si nthawi yoitana abale kuti akambirane kapena yopita kukaombeza. Wodwalayo agonekedwe cam'mbali, asapatsidwe madzi, phala kapena mankhwala alionse pakamwa ngati alephera kumeza, ndipo ngolo, njinga yamoto kapena galimoto imene iri pafupi imtengere kucipatala ola lomwelo, ngakhale pakati pa usiku.